Malangizo kwa ofuna kugwira ntchito pa pit stop ya magalimoto a mpikisano

Amakaniko achinyamata, ngakhalenso anthu ongokonda mpikisano wa magalimoto, akhala akundifunsa funso limodzimodzi: kodi pamafunika luso lanji kuti munthu alowe m'gulu lija limaunjirira galimoto ikaima pakati pa mpikisano, pa chimene amati pit stop? Ambiri amafunsa ataonera Formula 1, pamene galimoto imalowa, anthu n'kuigwira, n'kutuluka munthu asanaphethire kawiri. Ndayankha pakamwa mokwanira. Tsopano ndalemba, kuti wina akafunsanso ndizingomuuza kuti awerenge apa.

Ndiyambe ndi zimene ambiri sayembekezera: liwiro limabwera kumapeto. Mu 2023 ku Qatar, timu ya McLaren inasintha matayala onse 4 a galimoto ya Lando Norris m'masekondi 1.80, n'kuposa Red Bull imene inachita 1.82 ku Brazil mu 2019. Manambala amenewa ndi amene amakopa anthu. Koma otsogolera magulu oterewa amafuna munthu amene dzanja lake limachita chinthu chimodzimodzi nthawi zonse, kaya kwatentha, kaya kukugwa mvula, kaya galimoto yaima molakwika, ndiponso amene sangalole galimoto kuchoka nati ya wilo isanagwire. Sekondi yotayika pa pit stop dalaivala angathe kuibweza panjira. Wilo lochoka galimoto ikuthamanga limathetsa mpikisano, ndipo nthawi zina limavulaza munthu.

Pali mawu ochepa amene muziwamva tsiku lililonse. Pit lane ndi msewu wapambali umene umadutsa kutsogolo kwa magalaja a matimu. Mumenemo muli malire a liwiro: mu Formula 1 ndi makilomita 80 pa ola m'mabwalo ambiri, ndipo ku Monaco ndi 60 chifukwa n'kopanikiza. Pit box ndi malo olembedwa mizere kutsogolo kwa galaja yanu, pamene galimoto iyenera kuima. Mukamva pa wailesi akuti "box, box", akuuza dalaivala kuti alowe. Wheel gun, kapena kungoti gun, ndi sipanala yoyendera mpweya wopanikizidwa imene imamasula ndi kumanga nati. Habu ndi chitsulo chimene wilo limakhalapo, ndipo mazinga ndi timizere tozungulira tija timene nati imayendamo. Double stack ndi pamene magalimoto onse awiri a timu alowa motsatizana. Unsafe release ndi mlandu wotulutsa galimoto isanamangidwe bwino, kapena kuitulutsira kutsogolo kwa ina.

1. Sankhani mpikisano, kenako werengani malamulo ake

Pit stop siifanana paliponse, ndipo luso lofunika limatengera malamulo. Mu Formula 1 kuthira mafuta pakati pa mpikisano kunaletsedwa kuyambira 2010, choncho ntchito yaikulu ndi matayala. Anthu pafupifupi 20 amazungulira galimoto, atatu pa wilo lililonse, aliyense ndi kantchito kake kamodzi. Ku NASCAR ku America n'zosiyana kotheratu. Amene amalumpha khoma la pit lane kukagwira galimoto ndi anthu 5 okha: wa jeke, awiri osintha matayala, wonyamula matayala ndi wothira mafuta. Amayamba mbali imodzi, n'kuthamanga kuzungulira galimoto kukamaliza mbali inayo. N'chifukwa chake matimu a kumeneko amakonda kulemba anthu amene ankachita masewera olimbitsa thupi ku koleji, n'kuwaphunzitsa za magalimoto pambuyo pake. Mu IndyCar, mpikisano wina wa ku America, ndi m'mipikisano ya maola ambiri ngati wa ku Le Mans ku France, galimoto imakhala ndi majeke ake mkati, oyendera mpweya. Munthu amangolumikiza paipi, galimoto n'kukwera m'mwamba yokha. Ku Le Mans injini imazimitsidwa galimoto ikaima, mafuta amathiridwa, nthawi zina madalaivala amasinthana, ndipo amakaniko ololedwa kugwira galimoto ndi ochepa.

Malamulowa amasinthanso. Mu 2022 mpikisano waukulu wa NASCAR, wotchedwa Cup Series, unachoka pa manati 5 pa wilo n'kupita pa nati imodzi yapakati, ndipo anthu amene anathera zaka akuzoloweza dzanja kugunda manati 5 anayambiranso kuphunzira. Chaka chomwecho Formula 1 inayamba kugwiritsa ntchito malimu a mainchesi 18, olemera kuposa akale a 13. Musadalire zongomva kwa anzanu. Pezani malamulo a chaka chimenecho, muwerenge gawo lonse la pit lane: ndani aloledwa kutuluka m'galaja, nthawi yanji, atavala chiyani.

2. Khalani makaniko kaye

M'matimu ambiri, kuphatikizapo a Formula 1, palibe munthu amene ntchito yake ndi pit stop yokha. Amene mumawaona atagwada ndi gun aja ndi omwewo amamanga giyabokosi, mabuleki ndi zamagetsi, ena amasamala matayala kapena katundu wa timu. Pit stop amaichita powonjezera. Choncho khomo lolowera ndi umakaniko weniweni. Dziwani kumanga nati pa mlingo woyenera ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira), kuzindikira mazinga amene ayamba kutha, kusamala zida za mpweya, kuona paipi imene yayamba kung'aluka. Zala zanu zidziwe kusiyanitsa nati yoyenda bwino ndi yokakamira, chifukwa pa tsiku la mpikisano maso sadzapeza mpata woonetsetsa.

3. Konzani thupi

Pakufunika msana wolimba, mawondo opirira kugwada ndi kudzuka mwadzidzidzi, komanso mapewa ndi mikono yotha kugwira gun imene imakankha mwamphamvu ikaluma nati. Yesererani kunyamula wilo kuchokera pansi ndi mphamvu ya miyendo, n'kutembenuka nalo mutaligwira pafupi ndi chifuwa. Mudzakhala mutavala ovolosi yosagwira moto, magolovesi ndi helemeti kwa maola, mwina dzuwa likuswa mtengo, kenako mwadzidzidzi akuitanani. Imwani madzi, ndipo muzitakasa thupi nthawi yoima ikamayandikira. N'zosavuta kupweteka msana mukadzuka pampando n'kunyamula wilo thupi lili lozizira.

4. Tengani malo amodzi, muwadziwe kuyambira kumapazi

Pa wilo lililonse la Formula 1 pamakhala wa gun, wochotsa wilo lakale ndi woika latsopano. Wa jeke yakutsogolo amaima pamene galimoto ikulunjika, n'kuidikira osasuntha, ndipo jeke yake imapindika kuti iye athe kupatukira pambali asanaitsitse. Malo amenewa amafuna mtima. Ku Imola ku Italy mu 2020 Lance Stroll sanaime pa mzere wake, anagwetsa wa jeke. Wa jeke yakumbuyo sangaime pamalo pake galimoto isanadutse, ndiye amadikira pambali n'kulowa kumbuyo kwake ikangopitirira. Awiri amagwira galimoto m'mbali kuti isagwedezeke ili m'mwamba, ndipo amachotsanso zinyalala zotseka polowera mpweya woziziritsa injini. Ena awiri amasintha kapendekedwe ka phiko lakutsogolo, chipangizo cha pamphuno pa galimoto chimene mphepo imachikankhira pansi, ngati dalaivala wapempha. Kumbuyo kwawo kumakhala ena atagwira majeke apadera, kudikira kuti ina ikakanika alowepo, ndipo gun yapadera imakhala pansi pafupi ndi wilo lililonse.

Mukapatsidwa malo, yambani ndi mapazi, manja abwere pambuyo. Bondo ili likhala pati, phazi ilo liloza kuti, paipi ya mpweya idutsa mbali iti kuti isakukoleni, wilo lakale litulukira kuti kuti lisagundane ndi latsopano. Matani tepi pansi, muzibwerera pomwepo nthawi zonse. Anthu atatu a pa wilo limodzi amapanikizana kwambiri, moti chigongono chimodzi chikakhala polakwika onse atatu achedwa.

Cholakwa chimene ndimachiona kwa atsopano, makamaka a mtima wabwino, ndi kuthandiza mnzawo. Munthu waona woika wilo akuvutika, iye n'kutambasula dzanja. Musatero. Manja ambiri pa wilo limodzi amalipendamitsa, komanso malo anu mwawasiya opanda munthu. Ngati vuto linalake limafuna thandizo, zikambidwe ndi kuyesereredwa pasadakhale, kuti adziwike wothandiza ndani.

5. Ntchito yambiri ithe galimoto isanafike

Ku Monaco mu 2016 Daniel Ricciardo ankamenyera kupambana, analowa mu pit box, koma matayala ake anali asanatulutsidwe. Anakhala pa majeke kudikira, ndipo mpikisano anapambana Lewis Hamilton. Ku Sakhir ku Bahrain mu 2020 Mercedes inaitana magalimoto onse awiri motsatizana, uthenga wa pa wailesi sunafike bwino kwa gulu, ndipo George Russell anamangiridwa matayala akutsogolo a mnzake wa timu imodzi, Valtteri Bottas. Anayenera kulowanso. Pa zochitika zonse ziwiri manja a amakaniko analibe vuto. Chinasokonekera ndi kukonzekera ndi kumvana.

Ndiye seti iliyonse ya matayala ilembedwe nambala ya galimoto ndi ngodya yake, kutsogolo kumanja, kumbuyo kumanzere, ndi zilembo zazikulu, ndipo izikhala pamalo amodzimodzi m'galaja. Mitundu muidziwe osachita kuganiza. Pa matayala a kampani ya Pirelli a Formula 1, mzere wofiira ndi tayala lofewa, wachikasu lapakatikati, woyera lolimba, wobiriwira la msewu wonyowa pang'ono, wabuluu la mvula yamphamvu. Wa gun aone mphamvu ya mpweya m'mabotolo, aombe gun kamodzi kuti amve kulira kwake, aone ngati mano a soketi, mutu wa gun umene umaluma nati, ali bwino, ndipo atsimikize kuti yatcheredwa kumasula osati kumanga. Pa magalimoto ambiri a nati yapakati, mazinga a mbali yakumanja ndi yakumanzere amayenda mosiyana, choncho nati kapena gun ya mbali ina isasochere kupita mbali inzake. Sesani pit box. Kamwala kapena kadontho ka oilo n'kokwanira kugwetsa munthu wonyamula wilo.

Pa wailesi, woitana anene galimoto iti ndi matayala ati, ndi mawu omwewo nthawi zonse, ndipo ena onse akhale chete mpaka galimoto itachoka.

6. Landirani galimoto maso ali pamalo amodzi

Galimoto ikamabwera, mtima umafuna kuyang'ana yonse. Wa gun ayang'ane nati yake basi, aiyambire patali n'kumaitsatira, kuti soketi ikumane nayo galimoto ikamaima. Wochotsa ayang'ane tayala, woika ayang'ane pamene habu idzaonekere. Dalaivala nayenso ndi wa m'gululi. Akapitirira mzere ndi masentimita ochepa chabe, anthu onse ayenera kusuntha, nthawi n'kupita. Yesererani naye, ndipo muzolowere kusuntha ndi mawondo, thupi lonse pamodzi, m'malo mongotambasula mikono. Wotambasula mikono amafikitsa gun mopendama, ndipo mavuto a gawo lotsatirali amayambira pamenepo.

Ngati galimoto ili ndi chilango cha masekondi 5 kapena 10 choti ichitire pa pit stop, mu Formula 1 palibe wololedwa kuigwira mpaka nthawiyo itatha, ngakhale kuikhudza ndi jeke. Pakhale munthu mmodzi wowerenga nthawi, ena onse adikire mawu ake.

7. Nati

Ambiri akamafotokoza ntchitoyi amangoti masulani, chotsani, ikani, mangani, basi n'kupitirira. Komatu mipikisano imatayika pakati pa mawu anayiwa, ndiye pano ndichedwapo.

Pomasula, soketi ya gun ilowe pa nati molunjika ndiponso mpaka kumapeto musanakoke chala. Gun ili ndi mphamvu yaikulu moti ikayamba kuzungulira italowa theka, imapala nati m'malo moimasula. Zinachitika ku Monaco mu 2021. Valtteri Bottas anali pa nambala 2, gun inalowa mopendama pa wilo lakutsogolo kumanja, n'kudya mano a nati mpaka panalibenso poluma. Mpikisano wake unathera pomwepo, ndipo wilolo linakachotsedwa pambuyo pake ku fakitale ya timu. Dongosolo lake ndi ili: kankhani kaye, mumve kuti yakhala, kenako kokani. Pakati pa ziwirizi pali kachigawo kakang'ono ka sekondi, koma chimodzi chisadumphe chinzake ngakhale tsiku limodzi. Mukamva gun ikulira mopepuka, ikuzungulira osaluma, siyani nthawi yomweyo. Kupitiriza kukoka chala ndi kumene kumamalizitsa nati.

Pochotsa, gwirani wilo galimoto ikamaima, koma musakoke nati isanamasuke. Kukoka msanga kumapanikiza nati ndi kukankha gun. Likamasuka, likokeni molunjika mpaka lichoke pa habu, kenako n'kulipatutsa. Limu imakhala yotentha kwambiri, poti mabuleki a kaboni amafika cha m'madigiri 1,000, choncho gwirani tayala, osapisa dzanja mkati.

Poika, kumbukirani kuti pakati pa habu ndi wilo pali timapini timene tiyenera kulowa m'mabowo ake. Wilo likafika mopendama, kapena timapinito tikapanda kulowa, limaoneka ngati lakhala koma kumbuyo kwatsala mpata. Libweretseni lili kale pa msinkhu wa habu, likankheni ndi manja awiri mofanana mpaka mumve lagunda, ndipo lisungeni pomwepo mpaka gun itagwira. Mukatero chotsani manja ndi mapazi onse pa njira ya tayala.

Pomanga ndi pamene pali mdani wamkulu, nati yolowa mopingasa pa mazinga. Zili ngati chitsekero cha botolo chimene mwachiyamba mopendama: chimalimba m'manja ngati chatseka, koma sichinafike pansi. Gun nayo imaima ngati yamaliza, nati yalimba ndithu, koma wilo silinapanikizidwe. Ku Australia mu 2018 magalimoto onse awiri a timu ya Haas, ya Kevin Magnussen ndi ya Romain Grosjean, anali pa nambala 4 ndi 5, ndipo onse anaima m'mbali mwa msewu atangotuluka mu pit lane chifukwa cha vuto limeneli, ina pambuyo pa inzake.

Mungazindikire bwanji? Choyamba ndi nthawi. Nati yoyenda bwino imatenga kanthawi kake kodziwika, ndipo ikalimba msanga kuposa masiku onse, pali cholakwika. Kenako kulira kwa gun, kumene kumasintha nati ikafika kumapeto enieni. Ndipo mukachotsa gun, onani pamene nati yafika poyerekeza ndi nsonga ya habu, komanso ngati kachitsulo koitchinga kuti isabwerere katulukira. Zimenezi simungaziphunzire powerenga, ngakhale powerenga apa. Pemphani habu ndi manati akale amene timu inasiya kugwiritsa ntchito, muziyambe dala mopendama, mumve kusiyana kwake m'mikono, mubwereze mpaka thupi lizidziwa lokha. Ndimaona kuti maola amenewa amapindulitsa munthu kuposa kuyeserera pit stop zoyenda bwino zokhazokha.

Mukakayika, tembenuzani gun, masulani, yambaninso. Musawonjezere mphamvu pa nati yopingasa poganiza kuti ilowa. Mungowononga mazinga a habu, ndipo pamenepo ngakhale nati yatsopano sikuthandizani.

8. Musapereke chizindikiro musanatsimikize

Kale pankakhala munthu wogwira chikwangwani kutsogolo kwa dalaivala, amene ankachikweza akaona anthu onse anayi a gun akweza manja. M'mipikisano yaing'ono yambiri zikadali choncho. Mu Formula 1 masiku ano wa gun amadina batani, majeke amatsika, getsi lobiriwira n'kuyaka. Njira zonse ziwiri zili ndi msampha umodzi: dzanja limazolowera kupereka chizindikiro chifukwa nthawi yake yakwana, ntchito isanathe.

Ku Bahrain mu 2018 Kimi Räikkönen anapatsidwa getsi lobiriwira wilo lakumbuyo kumanzere lisanachotsedwe n'komwe. Ananyamuka, n'kuthyola mwendo wa makaniko amene anaima kutsogolo kwa wilolo. Ku Nürburgring ku Germany mu 2013 Mark Webber anatulutsidwa wilo lakumbuyo lisanamangidwe, ndipo linachoka n'kukagunda wojambula kanema mu pit lane. Pambuyo pa ngoziyi malire a liwiro anatsitsidwa kuchoka pa 100 kufika pa 80, ndipo helemeti inakhala lamulo kwa aliyense wogwira galimoto pa pit stop.

Luso lovuta kuposa onse pa ntchitoyi ndi kuletsa galimoto. Mawilo atatu atha, dalaivala wakweza injini, aliyense akuyang'ana inu, ndipo wilo lanu lokha ndi limene likukayikitsa. Gwirizanani pasadakhale chizindikiro cha vuto, chachikulu ndi chosasokoneza, monga kupingasa manja m'mwamba, ndipo aliyense m'gulu akhale ndi mphamvu yochipereka, kaya wabwera dzulo. Inu otsogolera magulu, apa pali mbali yanu. Mukakalipira munthu amene waletsa galimoto n'kupezeka kuti nati inali bwino, tsiku lina adzangokhala chete nati isali bwino. Ndipo wa gun akazindikira vuto galimoto itachoka kale, anene pa wailesi nthawi yomweyo kuti dalaivala aime, manyazi adzaoneke pambuyo.

Potulutsa galimoto pali ntchito ziwiri: kuona kuti gulu lamaliza, ndi kuyang'ana kumene magalimoto ena akuchokera. Ndi bwino zikhale za anthu awiri. Woyang'ana msewuyo asankhe malo odziwika pa khoma la pit lane, oti galimoto ina ikawadutsa, yanu idikire.

9. Mafuta, moto ndi magetsi

Ngati mpikisano wanu umalola kuthira mafuta, gawo ili musalipeputse. Ku Hockenheim ku Germany mu 1994 mafuta anathovokera pa galimoto yotentha ya Jos Verstappen, moto n'kukuta galimoto ndi amakaniko. Anapulumuka ndi mabala ochepa chifukwa cha zovala zawo ndi kuzimitsa msanga. Ku Singapore mu 2008 Felipe Massa, amene ankatsogola, anapatsidwa getsi lobiriwira paipi ya mafuta ikadali yolumikiza, ndipo anaikoka mpaka kumapeto kwa pit lane.

Wothira mafuta alowetse ndi kutulutsa paipi molunjika, ndipo galimoto isatulutsidwe iye asanabwerere m'mbuyo. Kumene malamulo amafuna waya wotsitsira magetsi pansi, waya ameneyo ayambe kulumikizidwa mafuta asanayende, kuopa kuthetheka. Wogwira chozimitsira moto asapatsidwe ntchito ina, akhale atachotsa kale pini, maso ali pothirira. Zovala zamkati nazonso zikhale zosagwira moto, chifukwa nsalu ya nailoni imasungunukira pakhungu. Galasi la helemeti likhale lotsitsa.

Magalimoto okhala ndi mabatire amphamvu, monga a Formula 1 a masiku ano, ali ndi getsi losonyeza ngati n'kotheka kuwagwira. Likapanda kukhala lobiriwira, musakhudze galimoto popanda magolovesi otchinga magetsi ndi chilolezo cha woyang'anira.

10. Yesererani pang'onopang'ono, kenako yesererani mavuto

Pit stop monga tikuidziwa lero inakula chifukwa cha kuyeserera. Abale a timu ya Wood Brothers ku NASCAR anali m'gulu la oyamba kuikonza ngati ntchito yokhala ndi dongosolo, ndipo mbiri yawo inakula moti mu 1965 anaitanidwa kukasamala galimoto ya Lotus ya Jim Clark pa Indianapolis 500, mpikisano umene iye anapambana.

Yambani galimoto itaima, popanda wotchi. Munthu aliyense achite mbali yake mwapang'onopang'ono mpaka atatu a pa wilo asiye kugundana. Kenako anthu aziikankha kulowa mu pit box, ndipo pamapeto pake dalaivala aziiyendetsa. Wotchi ibwere manja atakhazikika, chifukwa mukayamba nayo mudzaphunzitsa thupi kuthamangira zolakwika. Jambulani kanema kuchokera pamwamba, muionere limodzi moiyendetsa pang'onopang'ono. Poona nthawi, yang'anitsitsani yoipa kwambiri ya tsikulo, mufunse chinachitika n'chiyani, poti ndi imene idzakupezeni pa mpikisano.

Ndiye yesererani zokanika, mochita kukonza. Wotsogolera atseke mpweya wa gun imodzi osanena, muone ngati yapadera itoledwa msanga. Jeke ikanike. Injini izime. Dalaivala apitirire mzere dala. Aitane double stack mwadzidzidzi, kapena asinthe mtundu wa matayala galimoto ili kale mu pit lane. Sinthani phiko lakutsogolo ngati lasweka. Ngati mpikisano wanu umafika usiku, yesererani mumdima ndi magetsi omwewo amene mudzakhale nawo. Aliyense aphunzirenso malo achiwiri, chifukwa tsiku lina mnzanu adzadwala.

Galimoto ikachoka ntchito siinathe. Onani nati ndi mabowo a wilo limene mwachotsa, pukutani soketi, tcherani gun kumasula, bwezani paipi pamalo pake, tulutsani seti yotsatira. Galimoto imatha kubweranso itangozungulira kamodzi.

Za polowera, yambani ndi matimu a mipikisano yaing'ono, amene nthawi zambiri amasowa manja kumapeto kwa sabata. Poyamba adzakupatsani kutsuka malimu, kuyeza mpweya wa matayala, kunyamula mawilo kapena kugwira chozimitsira moto. Zichiteni mosamala, fikani msanga, ndipo gulu likamayeserera pemphani kuyamba ngati wochotsa wilo. Pamalo amenewo muli pafupi ndi wa gun, mumamva kulira kwa nati iliyonse, ndipo wina akadzasowa pa gun adzayamba kuyang'ana amene wakhala akugwada pambali pake.